Denga la udzu ku Mangochi, denga la malata ku Chiradzulu

Tchuthi chapitachi ndinakhala masiku anayi ku Mangochi. Musaganize kuti ndinapita kokapuma. Msuweni wanga ndi mmisiri wofolera nyumba, ndipo anapeza ganyu yokonza denga la nyumba ina ya m'mphepete mwa nyanja, ya mtundu uja anthu amati koteji, yomwe mwini wake amabwereketsa kwa alendo a tchuthi. Ine ndinamutsatira kukamuponyera mitolo ya udzu, kuti ndipezeko ya sopo ndi ya bandulo semesita ino.

Nyumbayo ndi yokongola, bodza ndilekeni. Khonde lake ndi lotakata kuposa chipinda chomwe timagonamo anthu atatu ku Chikanda, ndipo layang'ana kumadzi. Denga ndi la udzu, lalitali ngati la tchalitchi, lopanda siling'i, moti mapaso opakidwa vanishi amaonekera onse. Pakhondepo pali mipando yoluka ya nsungwi, ndi mapilo okutidwa ndi chitenje. Pabalaza anakhomerera malichero asanu ndi awiri pakhoma, aakulu pakati, ang'onoang'ono m'mbali. Mtondo unasanduka choikamo maluwa. Bwato lakale analidula pakati n'kuliimika pakona kuti likhale shelefu ya mabuku, nkhafi ziwiri zitapingasa pamwamba pa chitseko. Neti ya udzudzu inalendewera pabedi ngati chovala cha mkwatibwi. Bafa lili panja, lopanda denga, lotchingidwa ndi mpanda wa bango. Ndipo pali dziwe losambiramo, ngakhale nyanja yonse ili poponya mwala.

Nditabwerera kwathu ku Chiradzulu ndinawaonetsa agogo zithunzi za mufoni. Anayang'anitsitsa, n'kufunsa: "Ndiye bwanayo ndalama zinamuthera asanagule malata?" Ndinawauza kuti ayi agogo, kugona m'menemo usiku umodzi ndi ndalama yoti mungagulire malata angapo. Anangoti kukamwa yasa. Kenako analoza khoma lija: "Nanga malicherowo akupeta chiyani pamenepo?"

Ndinaseka, koma funso lawo loyamba lija landitsatira mpaka ku laibulale. Zinatheka bwanji kuti udzu womwe anthu akwathu akhala akuuthawa zaka zoposa 100 ukhale chizindikiro cha moyo wapamwamba kunyanja? Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti mbiri ya nyumba ya ku Mangochi ija imadutsa pakhomo pathu penipeni.

Tiyambire pakhonde. Mawuwa ndi athu, ndipo chinthucho n'chathu. Nyumba yozungulira ya makolo inkakhala ndi denga lotulukira kunja, lochirikizidwa ndi nsanamira, kuti mvula isakokolole chipupa cha dothi. Pansi pa dengalo ndi pamene ankasendera nandolo, kusunga nkhuni zouma ndi kulandirira mlendo asanalowe m'nyumba. Kenako kunabwera kamangidwe kochokera kugombe la nyanja ya mchere. Mu 1866 David Livingstone atafika ku Mwembe, mudzi waukulu wa mfumu Mataka ya Ayao womwe lero uli m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, anapeza anthu akumanga nyumba za ngodya zinayi potengera Aluya ndi Aswahili omwe ankachita nawo malonda. Ku Zanzibar ndi ku Kilwa nyumba inkakhala ndi baraza, malo okhalapo kutsogolo pamene amuna ankachezera ndi kukambirana malonda. Ayao atasamukira ku Mangochi, Zomba ndi Chiradzulu anabwera nako kamangidweko. Choncho mzungu asanawotche njerwa ndi imodzi yomwe, kuno kunali kale nyumba zokhala ndi kafungo ka kugombe.

Khonde la atsamunda linadzera njira ina. Dzina loti bungalow limachokera ku Bengal, ku India, komwe Angerezi anaona nyumba za alimi za denga la udzu lotsetsereka mbali zonse, n'kuzikulitsa kuti zikhale nyumba za akuluakulu awo. Anthony King analemba buku lonse mu 1984 lolondola m'mene nyumba imeneyi inayendera kuchoka ku India kufika ku Africa, Australia ndi America, mpaka kukasanduka nyumba ya tchuthi m'magombe a ku England komweko. Kuno kwathu chitsanzo chake chakale chili ku Blantyre: nyumba ya Mandala, yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, yosanja, yozunguliridwa ndi khonde. Ku Zomba kuli Masongola ya 1886. Mukaziona nyumbazi mudzazindikira kuti koteji ya kunyanja ndi mdzukulu wake.

Koma khonde la bwana linali ndi ntchito ina yomwe khonde la makolo linalibe. Linali malire. Bwana amakhala pamwamba pa mpando, wodandaula amaima pansi pa masitepe, chipewa chili m'manja. Kapitawo amapereka malipoti ali pomwepo. Khukhi amaphikira m'kanyumba kakuseri kuti utsi ndi phokoso zisafike kwa dona, ndipo antchito amagona kuseri kwa kuseriko. (Ife ophunzira amene timachita lendi timaboyizikota tisaiwale kuti dzinalo lili ndi mbiri: mwamuna wa ana asanu ankatchedwa boyi.) Nyumba yonse inakonzedwa kuti munthu m'modzi apume pamene ena khumi akugwira ntchito osaoneka.

Kwa ife a ku Chiradzulu nkhaniyi si ya m'mabuku okha. Kumalire athu ndi Zomba kuli Magomero, kumene kunali esiteti ya A. L. Bruce. Alexander Low Bruce anali mkamwini wa David Livingstone, ndipo woyang'anira esitetiyo anali William Jervis Livingstone. Anthu ambiri amene ankakhala pamenepo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, omwe ankaloledwa kumanga nyumba ndi kulima pokhapokha atagwira thangata m'minda ya thonje ndi fodya. Pamwamba pa thangata panali msonkho wa boma, ndipo onani pomwe msonkhowo unkawerengera: pa nyumba. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 boma la Harry Johnston linkawerenga madenga a udzu m'mudzi n'kudziwa ndalama zomwe litolere. Kwa mwini wake, denga la udzu linali ngongole ya chaka ndi chaka, pa malo omwe akanatha kuthamangitsidwapo tsiku lililonse. Ndani angawotche njerwa pa nthaka yoteroyo? Landeg White, m'buku lake la 1987 lonena za mudzi wa Magomero, anaonetsa bwino moyo wa pa esitetiyi.

M'dziko limeneli ndi momwe John Chilembwe anabwereramo mu 1900, atachokera ku Lynchburg ku Virginia komwe anakaphunzira atapita ndi Joseph Booth mu 1897. Anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Kusukulu tinaphunzira za usiku wa pa 23 January 1915, koma sitinaphunzire mokwanira za zaka 14 zomwe zinatsogola, pamene munthuyu ankalimbana ndi atsamunda pogwiritsa ntchito njerwa, singano ndi sopo. Mothandizidwa ndi Landon Cheek ndi Emma DeLany, amishonale akuda ochokera ku America, ankaphunzitsa anthu kuwerenga, kusoka, kulima mbewu zogulitsa ndi kusamala pakhomo. Yang'anani zithunzi zake ndi mayi Ida: suti, kolala yolimba, diresi lalitali. Ena lero amati kumeneko kunali kutengera azungu. Ine ndimaona munthu amene anazindikira kuti mtsamunda ankatenga udzu ndi sanza ngati umboni woti wakuda ndi mwana, ndiye iye anaganiza zomulanda umboniwo.

Tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe chinatha mu 1913. Chinali chachikulu, chomangidwa ndi manja ndi zopereka za anthu akuda, popanda mzungu wolamula. Nthawi yomweyo ku Magomero akhristu a PIM ankamanga tinyumba topemphereramo ta mitengo ndi udzu, ndipo oyang'anira esiteti, omwe sankafuna sukulu kapena tchalitchi pa malo awo, ankatitentha. Udzu suvuta kutentha: kamtengo kamodzi ka machesi, nkhani yatha. Izi zinali zina mwa zomwe zinakwiyitsa anthu mpaka kulowa m'nyumba ya Livingstone usiku uja n'kumudula mutu, osapha mkazi wake kapena ana. Gulu lina linapita ku Blantyre kukafuna mfuti kumasitolo a Mandala omwe aja. Chilembwe anaphedwa pa 3 February chakumalire ndi Mozambique. Ndipo boma litafika ku Mbombwe, machesi sanakwane. Tchalitchi chija anachita kuchiphulitsa ndi mabomba.

Kusiyana kumeneku kumandikhudza nthawi zonse. Kuti agwetse nyumba ya njerwa ya munthu wakuda, panafunika asilikali ndi zida. Mishoniyo inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Sharpe Malikebu anaitsegulanso, ndipo nayenso anamanga ndi njerwa. Ndikamva agogo akunena kuti munthu ndi malata, sindimvamo umbuli kapena kunyoza chikhalidwe. Ndimamvamo chikumbumtima cha dera lomwe linaphunzira mowawa kuti nyumba yosavuta kutentha ndi ya munthu wosavuta kuthamangitsa.

Tsopano tibwerere kunyanja, chifukwa nakonso kunasintha tanthauzo. Kwa azungu oyamba, m'mphepete mwa nyanja munali manda. Amishonale a Livingstonia anayamba ntchito ku Cape Maclear mu 1875, koma malungo anawapulula, moti mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 Robert Laws anakwera phiri kukakhazikika ku Khondowe. Manda a anzawo akadalipo ku Cape Maclear. Atsamunda anasankha mapiri a kuno kumwera, Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, chifukwa kunali kozizira, ndipo akafuna kupuma ankakwera pamwamba pa phiri la Zomba. Nyanja inali msewu wa sitima, malo a asodzi, osati malo okagonako mwadala.

Zinasintha pang'onopang'ono. Ronald Ross atatsimikiza mu 1897 kuti malungo amayenda ndi udzudzu, neti, mawindo a sefa ndi kwinini zinapangitsa kugona kunyanja kukhala kotheka. Neti yomwe lero imakongoletsa bedi ija inabwera ngati chida cha nkhondo. Misewu ndi magalimoto zinafupikitsa ulendo wa ku Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi. Kuyambira 1949 mpaka 1950 ndege za BOAC zotera pamadzi, zochokera ku England kupita ku South Africa, zinkaima ku Cape Maclear, ndipo kunamangidwa hotela yolandira okwera ake. Zinangotenga chaka chimodzi, koma chithunzi chinali chitajambulidwa kale: mchenga woyera, madzi abuluu, mzungu pakhonde ndi chakumwa chozizira. Makampani ndi eni maesiteti anayamba kumanga makoteji awo ku Mangochi ndi ku Senga Bay.

Ufulu wa 1964 sunagwetse makotejiwo. Unangosintha ena mwa okhala pakhonde. Kamuzu Banda anali ndi nyumba yake yopumulirako ku Chikoko Bay, ndipo mabanki, makampani a boma ndi akuluakulu a ndale anapeza malo awo m'mbali mwa madzi. Koma Kamuzu yemweyo akamalankhula kwa anthu akumudzi ankabwereza zinthu zitatu zomwe munthu ayenera kukhala nazo: chakudya chokwanira, zovala zabwino, ndi nyumba yosadontha. Aliyense ankadziwa kuti nyumba yosadontha ndi iti. Amuna opita ku Joni ndi ku Halale ankabwera ndi njinga, wailesi ndi ndalama ya malata. Zaka 50 pambuyo pake boma la Peter Mutharika linabwera ndi pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo, ndipo anthu anaimvetsa popanda wowamasulira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zoposa imodzi mwa zitatu zilizonse m'dziko muno zinali zikadali za dothi ndi udzu. Kwa anthu amenewo udzu si fashoni.

Nanga udzu unakafika bwanji padenga la olemera? Mbali ina ndi malonda. Mlendo wochokera ku London kapena ku Johannesburg salipira ndege kuti adzagone pansi pa malata ngati a garaja yake. Amafuna Africa yomwe anaiona m'mafilimu, ndipo malo ogona alendo a ku Kenya, Zimbabwe ndi South Africa anali ataphunzitsa kale dziko kuti Africa imeneyo ndi ya udzu, miyala ndi matabwa. Boma litakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ulendo wa kunyanja unayamba kugulitsidwa ngati ulendo wobwerera ku chilengedwe. Malo ngati Mumbo Island ndi Kaya Mawa ku Likoma amatchuka chifukwa cha udzu, bango ndi miyala. Ndipo Amalawi opeza bwino, atawona kuti azungu akukonda zimenezi, nawonso anazikonda. Apa ndiye pondiseketsa: tinachita kudikira mlendo kuti atiuze kuti lichero ndi lokongola.

Masiku anayi aja anandiphunzitsanso kuti udzu wa koteji ndi udzu wa agogo zangofanana dzina. Kumudzi munthu amayala udzu wopyapyala, kaŵirikaŵiri pamwamba pa pepala la pulasitiki, n'kumanga ndi luzi, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri chiswe ndi mvula zimakhala zitamaliza ntchito. Pa koteji udzu umasankhidwa, kupesedwa, kumangidwa m'timitolo tofanana, n'kusokedwa ndi waya mothinana mpaka kukhuthala kuposa kutalika kwa chikhatho. Denga limakhala lotsetsereka kwambiri kuti madzi asaime. Pamwamba penipeni amamata simenti. Pansi pali matailosi, magetsi a sola, thanki yamadzi, mlonda, ndi chozimitsira moto pakona iliyonse. Mwini nyumba akamva kadontho kamodzi amaimba foni, msuweni wanga n'kukwera basi. Agogo akamva kadontho amasuntha mphasa n'kutchera beseni. Wina anasankha udzu ali ndi ndalama yogulira chilichonse, winayo udzu unamusankha.

Ndisanamizire kuti zonse n'zoipa. Aliyense amene anagonapo m'nyumba ya malata opanda siling'i mu October amadziwa kuti ndi uvuni, ndipo mvula ikamagwa simumvana. M'koteji muja masana dzuwa likuswa mtengo munali kozizira popanda fani. Makolo sanali opusa. Komanso ndi nyumba ngati zimenezi zomwe zikusunga luso lomwe kwathu likufa. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri m'Malawi, malo onse ndi minda, ndipo tsekera wabwino ngosowa, moti ena amachita kugula. Achinyamata odziwa kufolera bwino atsala ochepa. Oluka mipando ya nsungwi, yomwe kunja ikugulitsidwa ndi dzina la dziko lathu, osema ziboliboli, oumba mbiya ku Dedza, onsewa amadya chifukwa pali anthu ofuna kukongoletsa makoma awo. Ndalama yomwe ndinagulira bandulo yolembera nkhaniyi inachokera padenga lomwelo. Ndingakhale wachinyengo nditaiwala zimenezo.

Chomwe chimandivuta ndi bwato lija. Linali la munthu. Wina analisema kuchokera ku mtengo umodzi, wina anapalasa nalo usiku mphepo ya mwera ikuwomba, kufuna usipa. Lero lasunga mabuku a alendo. Pamene mdzukulu wa msodziyo akafuna kukokera bwato lake pamchenga wa kutsogolo kwa nyumbayo, amapeza mpanda wotsika mpaka m'madzi. Amayi ochapa ndi otunga madzi ndinawaona akuzungulira mtunda wautali kukadutsa pa kampata kamodzi pakati pa mipanda iwiri. Madandaulo oti magombe akutsekedwa si achilendo ku Mangochi. Zida za moyo wa asodzi zalandiridwa m'nyumba ndi ulemu wonse, asodziwo atsala kunja kwa geti. Ife omwe tinali okonza denga tinkadyera kuseri, pafupi ndi thanki, ndipo tsiku lomwe mwini nyumba anabwera kudzayendera ntchito, msuweni wanga anakambirana naye za malipiro ataima pansi pa masitepe a khonde. Palibe anamuuza kuti aime pamenepo. Mwini nyumbayo ndi Mmalawi mnzathu, munthu waulemu ndithu, ndipo analipira bwino. Koma nyumbayo inamangidwa mwa njira yoti aliyense amadziwa yekha poyenera kuima, ndipo msuweni wanga, yemwe sanawerengepo za W. J. Livingstone, anali atavula kapusi yake.

Sindikunena kuti koteji ndi esiteti ya Bruce. Palibe thangata, palibe chikoti, ndipo amene akuyerekeza ziwirizi mopepuka akunyoza omwe anavutika ku Magomero. Ndikungoti kamangidwe kali ndi chikumbumtima chotalika kuposa cha anthu. Ife amene tikuphunzira mbiri timathera nthawi pa zikalata ndi malipoti a makomishoni, pamene umboni wina uli m'masitepe, m'malo omwe khitchini yaikidwa, ndi kumene mpanda wathera. Anzathu ophunzira zomangamanga ku MUBAS ali ndi funso lawo: kodi n'zosatheka kumanga nyumba yozizira ngati ya udzu, yolimba ngati ya njerwa, yomwe mphunzitsi wa pulayimale ku Namitambo angaikwanitse? Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagwetsa nyumba zambirimbiri kwathu, ndipo ku Ntauchira matope ochokera m'phiri anakokolola mudzi, za udzu ndi za malata zomwe. Chaka chotsatira nyanja inakwera n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Madzi sanafunse kuti denga ndi la mtundu wanji, koma pomanganso kusiyana kunaonekera: ena anaimbira a inshuwalansi, ena anadikira mapepala a pulasitiki a chithandizo.

Msuweni wanga anakwatira chaka chatha, ndipo monga mwa mwambo wathu akumanga kwa mkazi wake. Zipupa za njerwa zootcha zafika pa lintala. Paulendo wobwerera, tili m'minibasi pakati pa Liwonde ndi Zomba, ndinamufunsa ngati adzafolere ndi udzu, poti m'dera lonse palibe womuposa pa luso limeneli. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Anati apongozi ake angamuone bwanji, mwamuna woyenda mpaka ku Mangochi n'kubwera kudzaika mwana wawo m'nyumba ya udzu? Ndalama ya ganyu ija anagulira malata asanu ndi limodzi ku Limbe. Akuti atsala khumi ndi awiri, ndipo pali koteji ina ku Senga Bay yomwe denga lake layamba kudontha.